Achimwene, RX-8 yotchipayo ili ndi chifukwa chake

Wowerenga wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti wapeza Mazda RX-8 ya 2005 pamtengo wotsika modabwitsa, ndiye akufunsa ngati ingamutumikire zaka zingapo osamuthera ndalama kugalaja.

Achimwene, ngati imeneyi ndiyo galimoto yokhayo yomwe muzidalira popita kuntchito, isiyeni.

RX-8 ilibe mapisitoni. Injini yake ndi ya rotary: mkatimo muli zitsulo ziwiri za makona atatu zomwe zimazungulira, ndipo pansonga iliyonse pali kachitsulo kotchedwa apex seal kotsekera mpweya kuti usathawe. Tizitsulo timeneti tikaperepeseka, mphamvu imatha, ndipo mankhwala ake ndi amodzi basi, kutsitsa injini yonse n'kuiphwasula. Amakaniko athu a ku Biwi ndi akatswiri, injini ya Corolla angaimange atatsinzina, koma rotary ambiri adzaphunzirira pa yanuyo, sukulu fizi mukulipira ndinu.

Injini imeneyi imawotcha oilo mwadala, ndi momwe anaipangira, choncho muzisuzumira dipstick (kachitsulo koyezera oilo) pafupipafupi, kabotolo ka oilo kali m'buti. Imadananso ndi kuiliza m'mawa, kuisuntha pang'ono pabwalo kuti ana asese, kenako n'kuzimitsa isanatenthe. Mukatero petulo amanyowetsa mapulagi, ndipo imangoti kwe-kwe-kwe osalira. Petuloyo imamwanso mosaumira. Papepala alemba kuti injini yake ndi ya malita 1.3 chabe, koma m'tauni lita imodzi ikufikitsani makilomita 7 kapena 8. Ganizirani zimenezi tsiku lomwe mzere wa pa filing'i wakhota mpaka kumsewu.

Ngati mtima wakana kumva, kaiyeseni chonchi. Musakhutire ndi kulira kwa m'mawa. Iyendetseni mpaka ku Kanengo ndi kubwerera, itenthe bwinobwino, muzimitse, mudikire mphindi zochepa, muilizenso. Ikamavuta kulira ili yotentha, kawirikawiri ndiye kuti compression (mphamvu yopanikiza mpweya mu injini) yatsika, ndipo mwinigalimoto akudziwa chomwe akugulitsira. Akayamba zoti "ndi batire chabe, bwana", tsanzikani.

Tsono masipeya. Za Vitz, Axio kapena Sienta mumazipeza tsiku lomwelo, zatsopano ndi zophwasula zomwe. Za RX-8 muziitanitsa ku Japan kapena ku Johannesburg, ndi ndalama zakunja zomwe kubanki n'zosowa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimaluma. Galimoto izikhala pamiyala kudikira kachipangizo kokwana m'thumba la malaya, inu mukukwera kabaza. Mazda inasiya kupanga RX-8 mu 2012.

Zamisewu sinditaya nthawi, mukuidziwa nokha misewu ya m'makwalala nthawi ya dzinja. Galimoto yogwada chonchi imakhula mimba pa hampu iliyonse, ndipo matayala ake opyapyala akamenya dzenje limu imapindika.

Sindikunena kuti musiye maloto a galimoto yaliwiro. Funsani funso limodzi: injini yakeyo ikupezekanso m'galimoto ziti zomwe zadzaza mu Lilongwe muno? Apa Toyota Celica ya 1999 mpaka 2006 ndiyo imapambana, makamaka ya injini ya 1ZZ ya 1.8, yomwe ilinso mu Corolla, Premio, Allion ndi Wish za nthawi imeneyo. Makaniko aliyense amaidziwa, ndipo ikafa mungapeze ina yophwasula. Nayo ili ndi kachilema kake: za zaka zoyambirira zimakonda kudya oilo chifukwa cha maring'i, ndiye muimirire kumbuyo wina akuponda moto, muone ngati ikutulutsa utsi wabuluu. Magetsi, mabampala ndi galasi lakutsogolo ndi zake zokha, zimenezo mudzaitanitsabe.

Nissan 350Z ndi yolimba, koma 3.5 V6 imafuna thumba lakuya, ndipo mukaitanitsa nokha kunja, msonkho wa MRA umakwera potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto.

Iliyonse yomwe mungasankhe, musathere ndalama zonse pogula. Siyani zina pambali za matayala, mashoko, mabushi ndi sevisi yoyamba, chifukwa galimoto ya zaka 20 imafika nazo zimenezo zitatopa kale.