Chifukwa chake woyembekezera amafunsa apongozi, osati pepala la kuchipatala

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake amayi oyembekezera kumudzi amamvera apongozi ndi anankungwi kuposa zolembedwa pa zikwangwani za kuchipatala. Ine sindikuona ngati vuto lalikulu ndi kusadziwa kuwerenga. Kwathu kuno nkhani ya pakati ndi yachinsinsi. Mayi saulula msanga kuti waima, poopa anthu oipa mtima, ndipo zoterezi sakamba ndi mwamuna wachilendo, ngakhale akhale dokotala. Ndiye akamva kupweteka amathamangira kwa amene mwambo unamuloleza kumva zimenezi, munthu wamkulu amene anaberekapo ndipo amamudziwa. Pepala silingamufunse kuti wagona bwanji.

Apa m'pamene Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chinagwira mfundo: munthu amaimba mwaulere n'kufunsa zochititsa manyazi popanda womuona. Komatu m'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba mwa bambo, choncho mayi amadikira kuti abwereke, mwinanso bamboyo ali pompo.

Ngati mukufuna kuti uthenga woti amayi aziyamba sikelo msanga ufike, yambani mwakhala pansi ndi amfumu ndi anankungwi. Alangizi a zaumoyo abwere pambuyo, akalankhule pamsonkhano umene amfumu aitanitsa.