Funsani za makompyuta: ndalama ya chilimba ndi mayeso a cloud

Akulu, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Matero kwa amalume. Ndimagwira ntchito pa sitolo ina yaikulu ya zipangizo zomangira, komwe ndimakonza maprinta, kuika Windows ndi kukoka zingwe za netiweki. Ndikufuna kulemba mayeso a cloud engineering (ntchito yoyendetsa makompyuta obwereka pa intaneti) chaka chino. Kuntchito tili m'chilimba cha anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndikadzalandira ine ndalamayo ndikufuna ipite ku mayeso. Ndaonera mavidiyo a makampani a cloud, a AWS (ya Amazon), a Azure (ya Microsoft) ndi a Google, koma mutu wangodzaza mayina. Tsono pa gulu lina la WhatsApp pali munthu akugulitsa mafunso amene akuti ndi enieni a m'mayesomo. Ndigule? Nanga ndilembere kunyumba kapena ku senta?
Wowerenga wa ku Matero

Mng'ono wanga, ndiyambe ndi mafunso ogulawo, pakuti chiwerengereni kalata yanu mtima wanga uli pamenepo. Musagule. Anthu a ntchito yathu amawatcha ma dumps, koma ndi chomwe chija tinkati leakage tili kusukulu, chimene anzathu a ku Malawi angachiike m'gulu la likasa. Musanayambe mayeso mumavomereza pangano, ndipo eni mayeso akaona kuti munabera ali ndi mphamvu yofafaniza zotsatira zanu ndi kukulandani satifiketi. Komanso mayankho ambiri a m'mapepala amenewo ndi olakwika, chifukwa amalembedwa ndi anthu ongokumbukira zimene anaona.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. Chaka chatha ndinakhala nawo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito. Panabwera mnyamata waulemu, malaya osita bwino, satifiketi ili m'manja. Ndinamufunsa funso la tsiku ndi tsiku: seva, kompyuta yotumikira makompyuta ena, ili mu private subnet, chigawo chobisika cha netiweki, siikuoneka pa intaneti, koma ikufuna kutsitsa ma update, ituluka bwanji? Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati, "Bwana, funso limeneli ndinaliona, koma linali ndi A, B, C, D." Ndinamumvera chisoni mpaka kunyumba. Ndalama anawononga, mayeso anakhoza, koma m'manja munalibe kanthu. Sindikufuna inu mudzakhale pa mpando umenewo.

Za mutu wodzaza mayina, mankhwala ake ndi kusankha kampani imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu. Zinthu zake n'zofanana ndithu, mayina okha ndiwo asiyana: seva yobwereka imene AWS imati EC2, Azure imati Virtual Machines, Google imati Compute Engine. Mukadziwa bwino kumodzi, kwinako mudzangophunzira matchulidwe. Onani zotsatsa ntchito za muno mu Lusaka kwa milungu iwiri, muwerenge dzina limene likubwera kawirikawiri. Ngati mukufuna kukhalabe m'maofesi odalira Windows Server ndi Microsoft 365, mayeso a AZ-104 a Microsoft akuyenerani. A Google a Associate Cloud Engineer ndi madola 125 ndipo amatenga maola awiri. Ine ndinalemba a AWS, ndiye ndifotokoza amenewo.

Pali makomo awiri. Cloud Practitioner ndi a oyamba kumene: mafunso 65, mphindi 90, madola 100, ndipo kukhoza ndi kupeza 700 pa 1000. Solutions Architect Associate ndi amene olemba ntchito amawayang'ana kwambiri: mafunso 65, mphindi 130, madola 150, kukhoza ndi 720. Munthu wokoka zingwe ngati inu, wodziwa kale IP address, angathe kupita ku achiwiriwo mwachindunji. Komabe tawerengerani izi. Mukakhoza mayeso aliwonse a AWS amakupatsani mwayi wolipira theka pa mayeso otsatira. Ndiye 100 kuonjezera 75 ndi madola 175, masatifiketi awiri, pamene kupita mwachindunji ndi 150. Kusiyana kwake ndi madola 25 okha. Ngati simunalembepo mayeso a pa kompyuta, a m'Chingerezi, wotchi ikuthamanga pakona, ine ndingati lipirani 25 imeneyo muzolowere bwalo. Mukalephera mumadikira masiku 14 n'kulipiranso ndalama yonse, ndipo chilimba sichibwera kawiri motsatizana.

Tsopano ndinene za mayesowo, chifukwa ambiri amawerenga molakwika posadziwa mafunsidwe ake. Sakufunsani kuti S3, nkhokwe ya mafayilo ya AWS, n'chiyani. Amakufotokozerani nkhani: kampani ili ndi zithunzi zambiri zimene sizitsegulidwa pakatha miyezi itatu, koma lamulo likuti zisungidwe zaka zisanu ndi ziwiri, ichite chiyani? Pa mayankho anayi, awiri kapena atatu angagwire ntchito ndithu. Chosiyanitsa ndi timawu tochepa kumapeto kwa funso, monga "most cost-effective", kutanthauza njira yotchipa koposa, kapena "least operational overhead", kutanthauza njira yosafuna munthu woiyang'anira nthawi zonse. Woloweza amagwa pamenepa. Wopulumuka ndi amene anagwirapo zinthuzo ndi manja, n'kudziwa kuti iyi imadya ndalama, iyi imachedwa, iyi imafuna kudzuka usiku. Mu ndondomeko ya mayeso a Solutions Architect Associate, yotchedwa SAA-C03, yomwe AWS imapereka ulere, chitetezo chili ndi 30 peresenti, kupirira pakagwa vuto 26, liwiro 24, ndipo kusamala ndalama 20. Itsitseni, muisindikize pa printa imodzi mwa zimene mumakonzazo, muziika chizindikiro pa chilichonse chimene mwachichita nokha.

Ndipo chomanga muli nacho kale: chilimba chanucho. Pangani katsamba ka pa intaneti kolembapo amene waponya, amene walandira, ndi tsiku lake. Yambani ndi VPC yanuyanu, netiweki yanu ya mu AWS, osati imene mwaipeza yokonzedwa kale. Gawani ma subnet m'ma Availability Zone awiri, omwe ndi malo osiyana okhalamo maseva a AWS. Ikani tsambalo pa maseva awiri a EC2 kuseri kwa load balancer, chogawira alendo a tsambalo ku masevawo; mayina ndi ndalama zikhale mu database ya AWS yotchedwa RDS, yobisika mu private subnet, zithunzi za malisiti a mobile money zipite mu S3. Zikayamba kuyenda, muziwononge dala. Zimitsani seva imodzi muone ngati tsamba likutsegukabe. Tsekani port 443, khomo lotsegukira tsamba lotetezedwa, muone uthenga umene ubwere. Mukatero simudzaiwalanso kuti security group, mpanda wa malamulo wotchinga seva, ili ngati mlonda wokumbukira nkhope, amene akakulolani kulowa sakufunsaninso potuluka, pamene network ACL, mpanda wa subnet yonse, imafunsa polowa ndi potuluka pomwe. Mudzaonanso ndi maso anu kuti subnet ya /24 ili ndi ma IP address 256 koma ogwiritsa ntchito ndi 251, chifukwa AWS imasunga asanu. Zoterezi m'vidiyo zimangodutsa, koma zikakuvutitsani usiku umodzi zimakhazikika.

Laputopu yanu yakale isakudetseni nkhawa. Ntchito yolemera imachitikira pa makina a AWS, inu mumangotumiza malamulo. Chodya mabandulo ndi mavidiyo, ndiye pemphani chilolezo kwa abwana muzitsitsa pa Wi-Fi ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene ine ndinapsa. Tsiku lotsegula akaunti, musanamange kalikonse, tetezani root user, mwini akaunti wokhala ndi mphamvu zonse, ndi MFA, nambala yachiwiri yotsimikizira yoonjezera pa password, kenako ikani budget yoti ikutumizireni imelo ndalama zikangofika madola asanu. Ine ndikuphunzira ndinayatsa NAT gateway, chipata chimene maseva obisika amatulukira pa intaneti, madzulo ena, m'mawa mwake kunabwera uthenga wa maliro kumudzi ku Katete, ndipo ndinakhalako milungu itatu. Chinthu chimenechi chimalipiritsa pa ola lililonse, kaya mukuchigwiritsa ntchito kaya ayi. Pobwera ndinapeza kuti pa khadi pachoka ndalama imene ndinasungira nsapato za kusukulu za mwana wanga. Kulakwa kunali kwanga, sindinaike chenjezo. Kuyambira pamenepo ndili ndi kope pafupi ndi laputopu: chilichonse ndayatsa ndimalemba, ndipo sindigona ndisanachifafanize. Load balancer ndi RDS nazonso muzizichotsa mukamaliza. AWS inatsegula region, dera la maseva ake, ku Cape Town mu 2020, ndipo ndi yoyandikira kwa ife, koma mitengo yake nthawi zambiri imaposa ya ku N. Virginia, ku America. Pophunzira gwiritsani ntchito yotchipayo.

Zolembera kunyumba, ayi. Mayeso a pa intaneti amafuna chipinda chimene muli nokha, chitseko chotseka, tebulo lopanda kanthu, kamera yoyaka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Simuloledwa kuchoka pa kamera kapena kuwerenga funso mokweza, ndipo wina akalowa woyang'anira angathe kuimitsa mayeso. M'nyumba ya amalume ku Matero, mwana adzagogoda kufuna chaja, azakhali adzaitana kuti nsima yapsa. Nanga malaiti? Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, momwe tinkakhalira tsiku lonse mumdima. Ngakhale laputopu ikhale ndi batire, netiweki ya foni imafooka magetsi akapita nthawi yaitali. Lowani pa tsamba la Pearson VUE, kampani yolembetsa mayesowa, kudzera mu akaunti yanu ya AWS Certification, fufuzani Lusaka, musankhe senta. Kwerani minibasi mofulumira, mufike nthawi ikadalipo.

Musanasankhe tsiku, chitani zinthu ziwiri zimene ambiri amazidziwa mochedwa. Onetsetsani kuti dzina la pa akaunti likufanana ndendende ndi la pa ziphaso zimene mudzanyamule. Ife a mayina atatu, lina la ubatizo lina la agogo, timakodwa pamenepa. Ndipo pemphani chimene amachitcha ESL +30, mphindi 30 zoonjezera kwa anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho. N'chaulere, koma muyenera kupempha musanalembetse mayeso. Mphindi 130 zimasanduka 160. Musachite nacho manyazi, mafunso ena ndi ataliatali ngati kalata ya kukhoti.

M'chipindamo, funso likakukanikani sankhani yankho limene mukuliganizira, liikeni chizindikiro, pitirirani. Kulakwa sachotsera malikisi, ndiye musasiye funso lopanda yankho. Pa mafunso 65 aja, 15 sawerengedwa, ndi ongoyesera, ndipo simungawadziwe. Mukakumana ndi lachilendo kotheratu musataye mtima. Ndipo musalipire mayeso tsiku lolandira chilimba chifukwa choti ndalama ili m'manja. Isungeni ku banki, muonjezereko pang'ono poti kwacha imasinthasintha pa dola. Yesani mafunso aulere a pa AWS Skill Builder ndi mayeso ena oyeserera ovomerezeka, ndipo mudzalembetse mukamapitirira 80 peresenti pa mafunso amene simunawaonepo. Satifiketiyo imakhala zaka zitatu.

Akulu, ndinakhoza AZ-900 chaka chatha koma ntchito ya cloud sindinaipezebe. Kodi ndinataya ndalama?
Mayi wa ku Chilenje

Mlongo wanga, simunataye, ndipo satifiketi imeneyo siitha nthawi. Koma AZ-900, yomwe ndi ya mayeso oyambira a Azure, imangosonyeza kuti mukudziwa mawu ake, siinena kuti angakusiyireni makina a kampani. Yotsatira ndi AZ-104, imene mukaipeza mumaikonzanso chaka ndi chaka mwaulere pa Microsoft Learn.

Dziwaninso mmene ntchito zilili kuno. Lamulo lathu la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti zidziwitso za anthu zizisungidwa pa maseva a m'dziko muno, kupatula pamene lamulolo lalola. Choncho maofesi ambiri ali ndi mwendo umodzi mu cloud, wina m'kachipinda kozizira ka maseva kuseri kwa ofesi, ndipo amafuna munthu wotha kulumikiza ziwirizi. Phunzirani Linux, ma VPN (njira zotetezedwa zolumikizira manetiweki) ndi kusunga ma backup. Musadikire ntchito yolembedwa kuti cloud engineer. Lowani pa IT support kapena systems administrator, ndipo tsiku limene adzafune wosamutsa maimelo kapena ma backup, mudzakweze dzanja. Pa CV yanu, pansi pa satifiketiyo, lembani mizere itatu ya chinthu chimene munamanga nokha, ndipo popita kokafunsidwa munyamule laputopu kuti mukachionetse.