Nsawawa ku Britain: mubzale kukadali kozizira

Mayi wina amene akukhala ku Leicester wandilembera kalata. Akuti kuseri kwa nyumba kuli kamalo kakang'ono, ndipo wasowa nsawawa zaziwisi zonga zomwe ankagula pa Lizulu, basi ikaima pamsewu wa M1. Funso lake ndi lakuti: kodi zingachite bwino m'dziko lozizira chonchi, nanga abzale liti?

Achemwali, zichita, ndipo kuzizira komwe mukuopako ndi kumene nsawawa zimakonda. Kumbukirani kuti kwathu zimachuluka ku Dedza ndi kumapiri a Ntcheu, osati ku Chikwawa. Kusiyana ndi miyezi chabe. Kuno nthawi yake ndi kuyambira Marichi mpaka Juni, nthaka ikayamba kufunda kufika madigiri pafupifupi 10. Musathamangire. Nthaka ikakhala yozizira kwambiri komanso yonyowa, mbewu imangowolera pansi. Ine ndimapisa dzanja m'dothi m'mawa. Zala zikachita dzanzi, ndimadikira sabata ina.

Kumbani kangalande kakuya masentimita 5, muponye mbewu motalikirana ngati zala zitatu, mukwirire. Kelvedon Wonder ndi mtundu wosavuta kuupeza m'masitolo, sutalika kwambiri, ndipo pakatha masabata pafupifupi 12 mumayamba kuthyola. Zikirani timitengo tanthambinthambi m'mbali mwa mzere zisanakule, chifukwa timanja take timafuna pogwira. Feteleza wambiri ayi. Mizu ya nsawawa ili ndi timatuza tomwe timakoka nayitirojeni, chakudya cha mbewu, mumpweya, ngati nyemba ndi mtedza. Manyowa owolerana akwanira.

Adani anu ndi awiri. Chaka changa choyamba ndinabzala mizere iwiri, m'mawa mwake ndinapeza timaenje ndondondo, mbewu yonse mbewa zitafukula. Mtima unandipweteka zedi. Kuyambira pamenepo ndimafesa m'timiphika pawindo, n'kuwokera zikafika kutalika kwa chala. Zikamera, nkhunda zakutchire za kuno, zonenepa zija, zimabudula nsonga zonse, choncho phimbani ndi ukonde.

Maluwa oyera akangotuluka, madzi asasowe. Pamenepo ndi pamene makoko amadzaza.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muimvetse ndi yothyola. Nsawawa ikangochoka pamtengo, shuga wake amayamba kusanduka ufa, kutsekemera n'kumathawa. N'chifukwa chake zam'makoko zomwe zakhalitsa pashelefu zimamveka zuma m'kamwa. Muzithyola mphika uli kale pafupi. Yambani ndi makoko apansi, dzanja lina litagwira tsinde kuti lisazuke. Khoko labwino ndi lobiriwira, lowala, lodzaza koma losalimba. Mukalikanikiza ndi chala chachikulu limati phwa, timbewu n'kugubudukira m'mbale. Lawani kamodzi kosaphika muli chiimire m'dimbamo. Ndipo muzithyola masiku awiri kapena atatu alionse, chifukwa mukasiya makoko kuti akhwime, mbewuyo imaleka kubereka.

Kuphika kwake musakuyese kwa nyemba zouma. Kazingani anyezi m'mafuta pang'ono, ikani tomato mmodzi kapena awiri apse mpaka asungunuke, thirani mchere ndi timadzi, kenaka nsawawazo. Mphindi zisanu zakwana. Soda musathire, amazifewetsa mpaka phala n'kuononga kukoma. Amayi anga ankawonjezera supuni ya nsinjiro kumapeto, ndipo ine ndimatero mpaka lero, makamaka ndikapeza mpunga wa Kilombero. Ndi nsima zimayendanso bwino lomwe.

Nsonga zanthete za masamba musataye, zimadyedwa. Mukhoza kuziponya mumphika womwewo mphindi yomaliza.

Poti malo anu ndi ochepa, musabzale paketi yonse tsiku limodzi. Kamzere kamodzi lero, kena pakatha masabata awiri kapena atatu, mpaka Juni. Mukatero muzithyola pang'onopang'ono chilimwe chonse cha kuno. Makoko oyamba akadzaza mundilemberenso, ndimve ngati zafikako pa kukoma kwa za pa Lizulu.