Bambo akuti za nthaka n'zakumudzi: yankho kwa mtsikana wa ku Chawama

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Chawama amene wamaliza Grade 12. Masamu ndi sayansi anakhoza bwino, koma malo a udokotala sanawapeze. Mtima wake uli pa maphunziro a nthaka ndi madzi ku yunivesite ya UNZA. Bambo ake akuti sanachoke ku Katete kuti mwana wawo akagwirenso khasu, ndiye akufuna akhale pakhomo chaka china, alembenso mayeso. Iye akufunsa ngati maphunziro a nthaka ali ndi tsogolo.

Makalata otere amabwera chaka ndi chaka, ndipo amanditopetsa. Ndiyambe ndi inu bambo. Mwana wakhoza, akudziwa chimene akufuna, inu mukuti akhale pansi chifukwa cha dzina loti dokotala basi? Chimanga chija chinapserera m'minda mu 2024, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza mu February kuti dziko lagwa m'tsoka la chilala, ufa munaugula bwanji? Mvula sitingaiitane. Koma madzi ochepa amene agwawo akhale m'nthaka kapena athamangire kumtsinje, zimenezo zili m'manja mwa anthu, ndipo pafunika anthu ophunzira oti azifufuze.

Tsono iwe mwanawe, mvetsa chimene ukukalowa. Funso lalikulu la maphunzirowa ndi ili: dontho la mvula likagwa, limapita kuti? Lina limalowa pansi, lina limauma ndi dzuwa, lina limayenda pamwamba litanyamula dothi labwino lomwe. Ukapita kwanu ku Katete, zula phesi la chimanga m'munda umene walimidwa mizere ndi khasu kapena pulawo zaka zambiri. Nthawi zambiri upeza mizu yatsika pang'ono kenako n'kukhotera m'mbali, chifukwa pansi pomwe khasu limalekezera nthaka inagwirana n'kulimba gwa. Madzi nawo salowa. Mvula ikadula masabata awiri chimanga chafota, ikabwera yamphamvu madzi asefukira n'kuyamba kukumba zigwembe. N'chifukwa chake a Conservation Farming Unit, amene anayamba ntchito mu 1996, akhala akulimbikitsa ulimi wa gamphani, kukumba maenje m'chilimwe kuti aboole nthaka yolimba ija, kusiya mapesi m'munda m'malo mowatentha, ndi kudzala mitengo ya msangu. Koma maenje omwewo amene amapulumutsa mlimi wa ku Chongwe chaka cha mvula yochepa angathe kudzaza madzi n'kuwoletsa mbewu pa dothi lamakande. Kodi njira iti igwira pa nthaka iti? Mafunso otere sanayankhidwe onse, ndipo ntchito yako ingakhale imeneyo.

Usaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumunda kokha. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Madzi amadutsamo msanga osasefedwa bwino, motero za m'zimbudzi zokumba zimakafika m'zitsime. Ku Kanyama mvula ikangolimba madzi a pansi amakwera n'kudzaza m'makomo, kolera n'kutsatira. Wodziwa mmene madzi amayendera pansi amateteza anthu amene akanakathera m'chipatala. Bambo, mwamva?

Komabe ndisakunamize. M'kalata yako walemba kuti ukufuna kudzagwira ntchito ku bungwe lakunja, kumayenda pa galimoto yaikulu. Iwala kaye zimenezo. Boma sililemba ntchito akatswiri a zaulimi mwaunyinji chaka chilichonse, ndipo alipo omaliza maphunziro amene amadikira nthawi yaitali. Kafukufuku weniweni amafuna digiri yachiwiri, nthawi zina yachitatu. Masamu sudzawathawa: kayendedwe ka madzi m'dothi amakawerengera ndi lamulo limene katswiri wa ku France, Henry Darcy, anapeza mu 1856 poyesa madzi odutsa mumchenga, ndipo pamwamba pake pali kemisitiri, mapu a pa kompyuta ndi kusanthula ziwerengero. Udzakumba maenje dzuwa la October lili pamutu, udzanyamula matumba a dothi kupita nawo ku labu, zikhadabo zili bii. Ngati ukusankha izi pongothawa kukhala pakhomo, udzalephera chaka choyamba.

Ngati mtima ulidi pamenepo, malo alipo. Ku UNZA kuli sukulu ya zaulimi imene imaphunzitsa sayansi ya nthaka. Ku koleji ya zaulimi ya NRDC, pa msewu womwewo wa Great East, kuli madipuloma a zaulimi ndi zamadzi, ndipo usawaderere. Ambiri ayambira pomwepo n'kudzakwera. Ntchito zimapezeka ku ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi, kumene likulu lawo lili ku Mount Makulu ku Chilanga ndipo ali ndi siteshoni ku Msekera kufupi ndi Chipata, komanso ku WARMA (bungwe loyang'anira madzi), ku ZEMA (bungwe loteteza chilengedwe), m'mafamu aakulu a ulimi wothirira, m'makampani a feteleza, ndi m'migodi momwe amafuna anthu okonzanso malo owonongeka. Za ngongole ya maphunziro ya HELSB uzitsatire msanga, usadikire tsiku lotseka.

Usanalembe fomu, chita ichi. Tenga chitini, uchotse kumwamba ndi pansi, uchikhomere m'dothi pang'ono, uthiremo kapu ya madzi n'kuwerenga mphindi mpaka aphwe. Yesa panjira poponda anthu, yesanso pansi pa mtengo pamene pali masamba owola. Lemba zimene wapeza, uwaonetse bambo. Kenako mukwere basi ya ku Chilanga nonse awiri, mukapemphe kuona labu ya nthaka ku Mount Makulu, mukawafunse ogwira ntchitowo maso ndi maso kuti anaphunzira chiyani ndipo ntchito anaipeza patapita nthawi yaitali bwanji.