Dsus4 ndi Asus2 pa pepala la nyimbo: ndidine chiyani?

Funso lachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Mchinji amene amaimba kiyibodi m'kwaya ya kutchalitchi. Akuti akaona Dsus4 kapena Asus2 pa pepala amangodina D kapena A wamba, ndiye akufunsa ngati akulakwitsa.

Mwanawe, nyimbo siwonongeka ukatero, koma ukutaya kukoma kumene wolemba anakuikamo dala. Tiyambire pa solfa imene mumaimba kale kukwaya. Chord ndi manoti amene amadinidwa pamodzi. Ya C ili ndi d, m, s (do, mi, so), ndiye kuti C, E, G. Noti yapakatiyo ndi imene imauza khutu ngati chord ndi major kapena minor. Mu sus timaichotsa. Ukaika f (fa) m'malo mwake wapanga sus4, C, F, G. Ukaika r (re) wapanga sus2, C, D, G. Choncho Dsus4 ndi D, G, A, pamene Asus2 ndi A, B, E.

Kumene sus4 imagwira ntchito kwambiri ndi kumapeto kwa ndime. Tenga nyimbo ya mu kiyi ya G. Dzanja lamanzere likhale pa D, lamanja pa D, G, A. Werenga mabiti awiri, kenako nyamula chala cha pa G chokha udine F#, zina zonse zisasunthe. Werenganso awiri, ukathere pa chord ya G. M'solfa wayenda s, d, r kupita ku s, t (ti), r. Khutu limadikira d uja kuti atsikire pa t, ndipo kudikirako ndiye phindu lake, usathamangire. Sus2 ilibe kukoka kotere, imatha kukhala bara (kagawo ka mabiti angapo) yonse osasintha, n'chifukwa chake imakoma m'nyimbo zodekha zopembedza.

Ambiri amalakwa podina G asanachotse chala pa F#. Manoti awiriwa ndi oyandikana kwambiri, amakwesana. Zomwezo zimachitika a alto akamaimba t iwe uli pa d, choncho uyambe waona mzere wawo usanaike sus yakoyako pamene sanalembe.

Uyeserere m'makiyi a G, C, D ndi F mphindi 10 tsiku lililonse. Ngati ukufuna kudzapitiriza nyimbo ukatha MSCE, monga ku University of Malawi ku Zomba, yamba panopa kuwerenga manoti a pa mizere isanu, solfa yokha sikwanira.