Pa treadmill ndiyambire liwiro lanji, nanga chitunda?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre, wa zaka 46. Ndaifupikitsa pang'ono, dzina ndasunga:

"Adokotala anandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera, ndiye ndiziyenda. Ndinalowa jimu ina pafupi ndi kuntchito. Mwana wanga anandionetsa pa TikTok zoti pa treadmill uziika 12, 3, 30. Ndinayesa Lolemba, koma mphindi 7 zisanakwane ndinali nditakakamira zitsulo za m'mbali, ndikupuma wefuwefu, ndipo akatumba anandipweteka mpaka Lachinayi. Mtsikana amene amakonda makina oyandikana ndi anga amathamanga pa 10 osatopa, ine pa 5 ndimachita manyazi. Kodi munthu woyamba kumene aike liwiro lanji, nanga chitunda chikhale pa nambala iti? Kapena makinawa si a anthu ngati ine?"

Zikomo mayi polemba. Makinawo, treadmill, aja munthu amayendapo kapena kuthamangapo pa lamba woyenda yekha, ndi anu ndithu, ndipo zimene zinakuchitikirani Lolembalo sizikusonyeza kuti ndinu ofooka. Munasenzetsedwa katundu wa munthu wina.

Tiyambe ndi 12, 3, 30 yomweyo, chifukwa ambiri amene amaitumizirana pa foni sadziwa kulemera kwake. Anaitchukitsa ndi mtsikana wa ku America, Lauren Giraldo, amene anayamba kuionetsa pa YouTube mu 2019, kenako inafala pa TikTok mu 2020. Nambala 12 ndi chitunda cha 12 peresenti, 3 ndi mamailosi 3 pa ola, 30 ndi mphindi. Peresenti ya chitunda imatanthauza kuti pa mamita 100 alionse amene mwayenda, mwakwera mamita angati. Mamailosi 3 pa ola ndi makilomita 4.8 pa ola, choncho pa theka la ola mwayenda makilomita 2.4. Pa chitunda cha 12, mtunda umenewu ukukwezani mamita pafupifupi 290. Tikati chipinda chimodzi cha nyumba yosanja n'chotalika mamita 3, ndiye kuti mwakwera nyumba yosanjikiza kopitirira ka 90, osaima n'kamodzi komwe. Inu a ku Blantyre mapiri mumawadziwa, mumadzuka mukuona Soche, Ndirande ndi Michiru. Palibe munthu wanzeru amene angatenge mayi amene wakhala zaka zambiri pa mpando wa mu ofesi n'kumuuza kuti lero lomwe akwere phiri mosapumira. Masewerawo si oipa kwa amene thupi linazolowera, koma si poyambira.

Musanadinenso batani lililonse, fufuzani kaye ngati makina a pa jimu yanuyo amawerenga makilomita kapena mamailosi. Makina amene amafika kuno amachokera kosiyanasiyana, ndipo ambiri a ku America amakhala pa mamailosi. Yang'anani pa sikirini ngati palembedwa km/h kapena mph. Ngati zilembozo zinafufutika, ikani 4. Mukaona kuti mukuyenda ngati munthu wopita kukacheza kwa neba, amenewo ndi makilomita. Mukaona kuti miyendo ikuchita kupikisana ndi lamba, amenewo ndi mamailosi, chifukwa mamailosi 4 ndi makilomita 6.4. Nambala zonse zimene nditchule pansipa ndi za makilomita pa ola.

Anthu akuluakulu ambiri akamayenda mwa masiku onse amakhala pakati pa 4 ndi 5. Kuyenda kwa ndawala, kuja timayenda tikachedwa basi, kumakhala pakati pa 5 ndi 6.5. Kufika cha m'ma 7, thupi limayamba lokha kufuna kuthamanga. Ndiye 5 wanuyo, amene mukuti akukuchititsani manyazi, ndi liwiro labwino zedi. Ndi kilomita imodzi pa mphindi 12 zilizonse. Komabe nambalazi ndi zongokulozerani dera. Munthu wamfupi amaponya mapazi ambiri kuti afanane ndi wamtali pa nambala yomweyo, ndipo tsiku limene simunagone bwino 5 amalemera kusiyana ndi dzulo lake.

Muyeso umene ine ndimaukhulupirira ndi mpweya wanu. Yambani pa 3 kapena 3.5 kwa mphindi 5 kuti thupi litenthe. Kenako muzikweza pang'ono, 0.3 kapena 0.5, n'kudikira mphindi yathunthu musanakwezenso. Pa nambala iliyonse yesani kupereka moni wathu uja wonse ndi mawu omveka: mwaswera bwanji, kunyumba kuli bwanji, ana ali bwanji. Ngati moniwo ukutuluka wonse koma mukumva kuti mpweya ukugwira ntchito, yesani kuimba mzere umodzi wa nyimbo imene mumaikonda. Pamene mukutha kulankhula koma kuimba kukukanika, pamenepo ndiye panu. Ngati mukuimba bwinobwino, kwezani pang'ono. Ngati moni ukudukaduka, mawu awiri n'kupuma, mawu awiri n'kupuma, tsitsani msanga. Nambala imene mupeze mwanjira imeneyi ikhoza kukhala 4.5, ikhoza kukhala 5.6. Iliyonse ndi yolondola, chifukwa yachokera m'chifuwa mwanu.

Ndalimbikira za mpweya chifukwa cha BP mwatchulayo. Makina ambiri ali ndi tizitsulo togwira timene timaonetsa kugunda kwa mtima, ndipo pali kawerengedwe kodziwika kochotsa zaka zanu pa 220. Kwa inu yankho ndi 174, ndipo kuyenda kwa pakatikati kumakhala cha pakati pa theka ndi 70 peresenti ya nambalayo, kutanthauza 87 mpaka 122. Koma kawerengedweka n'kongoyerekeza, tizitsuloto timaphonya kawirikawiri, ndipo mankhwala ena a BP monga atenolol ndi propranolol amachedwetsa mtima mwadala. Munthu womwa mankhwala amenewa akamathamangitsa nambala ya pa sikirini akhoza kudzipanikiza pachabe. Mukapitanso kuchipatala, auzeni adokotala kuti mwayamba treadmill, muwafunse ngati pali malire amene akufuna musapyole. Ndipo tsiku lina mukadzamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena mtima kugunda mosalongosoka, imitsani makinawo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Pamenepa palibe zolimba mtima.

Tsopano chitunda. Masabata awiri oyamba chisiyeni pa 0 kapena 1. Mudzamva anthu pa jimu akunena kuti treadmill iyenera kukhala pa 1 nthawi zonse kuti ifanane ndi msewu. Mawuwa ali ndi gwero lake: mu 1996 akatswiri awiri a ku England, Andrew Jones ndi Jonathan Doust, anapeza kuti chitunda cha 1 peresenti chimalowa m'malo mwa mphepo imene wothamanga panja amalimbana nayo. Koma iwo ankayeza anthu ozolowera kuthamanga, pa liwiro loyambira makilomita 10.5 pa ola kupita m'mwamba. Munthu woyenda pa 5 alibe mphepo yoti n'kuiwerengera. Ikani 1 ngati miyendo ikumva bwino pamenepo, ikani 0 ngati ndi pamene mukupeza mtendere.

Ubwino wa chitunda ndi wakuti chimalimbitsa ntchito ya mtima popanda kudumpha kumene kumabwera ndi kuthamanga, n'chifukwa chake chimathandiza anthu onenepa ndi amene mawondo amadandaula. Koma chili ndi mtengo wake. Phazi likamaponda pokwera, akatumba ndi mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene zimakokedwa kwambiri pa sitepe iliyonse. Kupweteka munamva mpaka Lachinayi kunachokera pamenepo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pomwe mitsempha yolumikiza minofu ndi mafupa imatenga nthawi yaitali, ndiye munthu amamva ngati ali ndi mphamvu zokwezera nambala pomwe miyendo isanakonzeke. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pa nkhani ya chitunda mawuwa ndi oona kwenikweni.

Sabata yachitatu yesani chonchi: mukatenthetsa thupi, kwezani pa 2 kapena 3 kwa mphindi 2, bwererani pa 0 kwa mphindi 3, mubwereze katatu kapena kanayi. Mukakweza chitunda musaope kutsitsa liwiro ndi 0.3 kapena 0.5. Zikayamba kupepuka, talikitsani mphindi za pokwerazo, ndipo nambala ya 4 kapena 5 ibwere pambuyo. Chofunika n'chakuti pa sabata imodzi musinthe chinthu chimodzi chokha, kaya liwiro, kaya chitunda, kaya kutalika kwa nthawi. Mukasintha zonse pamodzi ndiye bondo n'kuyamba kupweteka, simudziwa chimene chalakwa.

Pali chinthu chimene chimandipweteka mtima ndikachiona, ndipo ndimachiona pafupifupi tsiku lililonse. Bambo wina pa jimu imene ndimapita amaika chitunda pa 15, n'kugwira chitsulo cha kutsogolo ndi manja onse awiri, mikono itawongoka gwa, thupi litapendekera kumbuyo ngati munthu wokoka mbuzi yokana kuyenda. Thukuta limatuluka, sikirini imamuonetsa manambala okoma, koma phirilo sakulikwera. Akapendekera kumbuyo choncho, thupi lake limaima pa lamba monga momwe likanaimira pamalo a see, ndipo mbali ina ya kulemera kwake yanyamulidwa ndi mikono. Zimene amapita nazo kunyumba ndi mapewa owawa ndi msana wothina. Makinawo sadziwa kuti munthu wagwirira, amangowerengera ngati akuyenda yekha, choncho nambala ya ma calories, mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito, imene amaonetsa imakhala yokokomeza.

Ndiye mayi, manja anu akhale mboni yachiwiri pambuyo pa mpweya. Ngati simungathe kusiya zitsulo, nambala zakwera kwambiri, tsitsani mpaka mikono iyambe kugwedezeka yokha m'mbali monga imachitira mumsewu. Masiku oyamba, pamene maso ndi mapazi zisanazolowere nthaka yoyenda yokha, kukhudza chitsulo ndi nsonga za zala si mlandu, ndipo amene ali ndi vuto la kudzandira agwire ndithu. Koma kukhudza n'kosiyana ndi kulendewera. Pokwera chitunda thupi lonse lipendekere kutsogolo pang'ono kuyambira mu akakolo, mapazi aziponda pafupipafupi, maso kutsogolo osati pa lamba.

Za kutalika kwa nthawi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera a pakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 masiku 5 zimakwanitsa 150. Kumeneko ndi kumene mukupita, osati poyambira. Yambani ndi mphindi 15 kapena 20 katatu pa sabata, kulumphitsa tsiku pakati. Kuyenda kwa ndawala kochokera pa siteji ya minibasi kukafika kunyumba nakonso kumawerengedwa.

Simunafunse za kuthamanga, koma poti maso anu ali pa mtsikana uja, ndinenepo pang'ono. Iye pa 10 akutha kilomita pa mphindi 6, ndipo simukudziwa kuti wakhala akuchita zimenezi zaka zingati. Mukadzafika poyenda mphindi 30 za ndawala osavutika, ndipo adokotala atavomera, mukhoza kuyamba kusakaniza. Ndondomeko ya Couch to 5K, yothandiza oyamba kumene kufika pothamanga makilomita 5, imene a zaumoyo a NHS ku Britain amalimbikitsa imatenga masabata 9, katatu pa sabata, ndipo sabata yoyamba munthu amathamanga masekondi 60 n'kuyenda masekondi 90, mobwereza kwa mphindi 20. Pa treadmill, kuthamanga koyambako kukhale cha pa 6.5 mpaka 7.5, chitunda pa 0 kapena 1. Kumaoneka kochedwa, koma ndi kumene kumateteza misongolo. Ngati kuthamanga sikudzakusangalatsani, kuyenda pakokha n'kokwanira pa zimene adokotala anakutumani.

Kachingwe kofiira kaja kamene kamalendewera kutsogolo kwa makina muzikapanira pa malaya nthawi zonse. Mukaterereka n'kubwerera m'mbuyo, kamasolola kiyi ndipo lamba amaima. Pokwera, pondani kaye m'mbali mosayenda muja, muyatse makina pa liwiro lotsikitsitsa, kenako mulowe pa lamba. Kwathu kuno palinso nkhani ya magetsi. Tsiku lina anazima ndili pa 9, lamba anaima mwadzidzidzi ndipo thupi linapitirira kutsogolo mpaka chifuwa chinakagunda chitsulo. Sindinavulale, koma kuyambira pamenepo ndimasiya mpata wa mkono umodzi pakati pa ine ndi sikirini, ndipo foni sindiigwira m'manja. Pomaliza musangodina batani loimitsa n'kutsika. Tsitsani liwiro pang'onopang'ono kwa mphindi 5, chifukwa munthu akaima mwadzidzidzi magazi amatsalira m'miyendo ndipo chizungulire chimabwera, makamaka kwa omwa mankhwala a BP. M'nyumba mulibenso kamphepo koumitsa thukuta, choncho m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala tengani botolo la madzi, musankhe makina oyandikira zenera kapena fani, ndipo musadabwe liwiro lanu likatsika.

Akatumbawo akasiya kupweteka, bwererani Lolemba. Kachingwe pa malaya, chitunda pa 0, mphindi 5 pa 3.5, mphindi 10 pa nambala imene moni ukutuluka koma nyimbo ikukanika, mphindi 5 zotsitsa. Mukachita zimenezi masabata awiri mundilemberenso, mundiuze nambala imene mpweya wanu wakhazikikapo ndi mmene miyendo ikumvera m'mawa mwake, kuti tione ngati nthawi yoonjezera chitunda yakwana.