Kodi katundu wolemera amafunikiradi kumangidwa pa ngolo yopanda mbali?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, yemwe wangoyamba kumene ntchito yothandizira dalaivala pa lole yokoka ngolo yafulati, ija yopanda mbali ndi denga. Iye akudandaula kuti dalaivala wake, bambo wachikulire, amamutopetsa ndi kumanga ndi kumanganso katundu, ngakhale katunduyo atakhala matumba 600 a simenti, olemera matani 30, omwe munthu sangaganize kuti angasunthe. Akufunsa ngati kumeneku kuli kusamala kwenikweni kapena chizolowezi chabe cha akuluakulu, ndipo wapempha kuti ndifotokoze zimene ife amene tinayenda kale pa msewu wa M1 tinaona.

Achimwene, mverani bambo amenewo, chifukwa kulemera sikugwira katundu. Ndi zoona kuti chinthu cholemera chimakanikiza kwambiri pansi pa ngolo, koma dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, mphamvu imene imachikankhira kutsogolo imakulanso molingana ndi kulemera komweko, kotero kuti katundu wa matani 30 amayamba kutsetsereka pa buleki yomweyo imene ingatsetseretse wa tani imodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti wa matani 30 akayamba kuyenda, palibe chomuimitsa kufikira atafika pamene mwakhala inu ndi dalaivala. Ndi chifukwa chake ku Ulaya akatswiri amawerengera kuti zomangira zizitha kugwira magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kwa katundu akamakankhidwira kutsogolo, ndi theka la kulemerako akamakankhidwira m'mbali kapena kumbuyo.

Ine zimenezi sindinaziphunzire pa pepala, ndinaziphunzira pa mtunda wa Chiweta. M'zaka zimene matabwa a ku Chikangawa ankatuluka usana ndi usiku kupita ku Tanzania ndi ku Kenya kudzera pa Songwe, ndinali wothandizira monga inu. Tsiku lina tinapakira matabwa a paini ongocheka kumene, akadali ndi utomoni ndi utuchi wonyowa, tinawamanga bwino ndithu m'nkhalango muja, ndipo titafika ku Mzuzu mvula ikuwaza, ndinauza dalaivala kuti ndaona kale malamba pamene ndinali nditangowayang'ana ndili chiimire patali. Matabwa aawisi akagwedezeka m'mabampu amakhazikika ndi kupanikizana, mulu umatsika pang'ono, ndipo lamba amene anali wolimba m'mawa amakhala atalefuka pofika masana. Tikutsika Chiweta, nyanja ikuonekera kumunsi, galimoto ina inatulukira pa kona itadya mbali yathu, dalaivala anaponda mabuleki, ndipo ndinamva phokoso ngati chitseko chachitsulo chamenyedwa kumbuyo kwa mutu wanga. Mulu wapakati unali utatsetsereka ndi kukagunda chitsulo chotchinga kutsogolo kwa ngolo, ndipo chitsulocho chinapindika kutsala pang'ono kukhudza mutu wa lole. Titaima, bambo aja sanandikalipire, koma ananditengera kumbuyo, nagwira dzanja langa n'kulilowetsa pansi pa lamba mmodzi, ndipo dzanja lonse linalowa mosavuta. Kenako anakoka lambayo mpaka atalimba, namumenya ndi chikhatho kuti ndimve kulira kwake, nati lamba wosalira chotero ndi wongokongoletsa katundu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasunga lamulo limene madalaivala akale onse amalidziwa, lakuti katundu amamangidwa kawiri, koyamba pamene wapakiridwa, kachiwiri mutayenda makilomita ochepa, akakhazikika. Pambuyo pake mumaonanso paliponse pamene mwaima, makamaka musanayambe kutsetsereka kwakutali monga kwa Chiweta kapena kwa msewu wotsikira ku Nkhata Bay. Kuona kwake ndi kwa manja, osati kwa maso.

Mwafunsanso za kale. Akuluakulu amene anandiphunzitsa anayamba kuyenda ulendo wa ku Dar es Salaam m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wina wa dziko lino n'kuyamba kudzera kumpoto kuno. Iwo amakumbukira nthawi imene malamba okokera ndi chitsulo chamano anali osowa, ndipo pafupifupi chilichonse chinkamangidwa ndi zingwe. Munthu ankapinda chingwe kupanga diso pakati, n'kudutsitsa nsonga pa ngowe ya m'mbali mwa ngolo, n'kuibwezera m'diso muja, kenako n'kukoka ndi thupi lonse phazi ataponda pa tayala. Mfundo imeneyo inkachulukitsa mphamvu ya mkono, ndipo wodziwa ankaimasula ndi kukoka kumodzi kokha ngakhale chingwe chitanyowa. Zikhatho za anthu amenewo zinali zolimba ngati chikopa cha ng'oma. Ndimamva chisoni kuti anyamata ambiri lero sadziwa mfundo imeneyi, chifukwa tsiku limene chitsulo chokokera lamba chidzathyokere pakati pa nkhalango ya Chikangawa, chifunga chitaphimba msewu, chidzawapulumutsa ndi chingwe.

Katundu aliyense ali ndi khalidwe lake, ndipo apa ndi pamene dalaivala wanu angakuphunzitseni zambiri kuposa ine. Matumba a simenti kapena a feteleza amasanjidwa mopingasa ngati njerwa za khoma, kuti mzere uliwonse ugwire unzake, ndipo mzere woyamba umagunda chitsulo cha kutsogolo osasiya mpata, pakuti mpata ndi umene umapatsa katundu liwiro. Matumba a feteleza ndi oterera kuposa a simenti, choncho amafuna malamba ambiri. Zitsulo ndi makina zimafuna matcheni, ndipo pansi pake pamaikidwa mitengo kapena zidutswa za matayala akale, chifukwa chitsulo pamwamba pa chitsulo chimaterera ngati sopo. Pamene lamba akudutsa pa ngodya yakuthwa pamaikidwanso kachidutswa ka tayala kuti asadulike, ndipo lamba amene wayamba kunyenyeka m'mbali ayenera kutayidwa, asalumikizidwe ndi mfundo. Kontena imagwidwa ndi maloko anayi a m'makona, ndipo onse anayi ayenera kutembenuzidwa, osati awiri okha chifukwa chakuti mukufulumira.

Tenti nayonso ili ndi dongosolo lake, limene onyamula mabelo a fodya kubwera nawo ku okushoni kuno ku Mzuzu amalidziwa bwino, popeza fodya akanyowa ndiye kuti thukuta la mlimi la chaka chonse lapita. Tenti ya kumbuyo imayalidwa poyamba, ya kutsogolo n'kubwera pamwamba pake, kuti mphepo ndi mvula zizidutsa pamwamba osapeza polowera. Koma musanamizidwe, tenti imateteza katundu ku mvula basi, siigwira katundu, ndipo malamba ayenera kukhala atamangidwa kale pansi pake.

Chinthu china chimene simunafunse koma mudzakumana nacho ndi sikelo, monga ya pa Songwe. Kumeneko sayeza kulemera kwa lole yonse kokha, amayezanso kulemera kumene kwagwera pa mzere uliwonse wa matayala, motero katundu wololedwa angathe kukugwiritsani ngati munamuunjika mbali imodzi. Ndinaonapo anzathu akusamutsa matumba pamanja padzuwa la ku Karonga chifukwa chakuti popakira sanaimepo kuti aone mmene akusanjidwira. Choncho opakira akamagwira ntchito musakakhale pamthunzi, imani pafupi ndi dalaivala wanu ndipo muziwafunsa chifukwa chimene akuikira thumba lililonse pamene akuliikapo.

Pa ulendo wanu wotsatira wa kumpoto, mukadutsa Ekwendeni ndi Phwezi, bambo amenewo adzaimika lole musanayambe kutsika Chiweta. Mudzatsike iwo asanakuuzeni, mudzazungulire ngolo yonse mbali zonse ziwiri, mudzamenye lamba aliyense ndi chikhatho, ndipo amene sakulira mudzamukoke pomwepo.